Birimankhwe Abwereka Nkhope ya Mlamu Wake

Padangotero. Amene muli nane nenani kuti tili tonse, amene mwatopa khalani chete koma makutu musatseke.

Kunali dziko la tinyama ting'onoting'ono, la mbewa, achule, abuluzi ndi anzawo onse oyenda chokwawa. Mfumu yawo inali Kabawi. Musandifunse kuti anamusankha ndani, kumeneko wodya anzake ndiye ankakhala pampando. Kabawi atakalamba maso ake anachita ng'ala. Ankati akaona chinthu chikugwedezeka n'kutsika ndi liwiro, n'kubwerera ndi tsamba louma m'zikhadabo. Mfumu inayamba kuonda, anthu ake n'kuyamba kunenepa, ena mpaka kumaothera dzuwa pamtetete miyendo ili tambalale.

Tsiku lina Kangaude, mmisiri wa ulusi amene analibe udindo uliwonse, anapita kwa mfumu.

"Wawa, mfumu. Ndabwera ndi maso."

"Maso a yani?"

"Anu, mfumu. Mundipatse unduna, ine ndizikuuzani za aliyense, kumene ali ndi zimene wanena."

"Iwowo adzalola?"

"Adzachita kulimbirana," anatero Kangaude.

Unduna anamupatsa tsiku lomwelo. Kangaude anayamba kuluka ulusi kuchoka nyumba iyi kufika nyumba iyo, mudzi uwu kufika mudzi uwo. Ulusiwo unali wodabwitsa. Ukalankhula kumbali kuno, mawu ankafika kwa mbale wako wa kutsidya nthawi yomweyo. Uthenga wa maliro umene kale unkatha masiku atatu panjira tsopano unkafika malemu asanazizire. Pa ulusi uliwonse Kangaude anapachikapo madontho a mame osauma ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndipo zonsezi zinali zaulere. Iye ankangopempha chinthu chimodzi, kuti usanalankhule uyang'ane m'dontho kuti ulusi ukudziwe.

Poluka ankaimba nyimbo yake. Inali nyimbo yokoma, yoitana aliyense kuti abwere adzaonetse nkhope, yolonjeza kuti ulusi ndi bwenzi ndipo salipiritsa. Pothera pake inali ndi mawu ochepa oti anthu avomereze, ndipo ankavomereza mokweza, akuomba m'manja.

Woyamba kuima pamzere anali Gulo. Gulo mumamudziwa, mutu wobiriwira wowala uja, wouyamikira yekha. Analinso ndi matenda ovomera. Munthu asanamalize kulankhula iye mutu wayamba kale kugwedezeka. Kangaude anayamba kumutchulira malamulo a ulusi, ambirimbiri, mothamanga ngati akuthawa mvula. Pakati pake panali lamulo lakuti chilichonse chimene nkhope yako yachita, wachita ndiwe. Gulo sanamve n'limodzi lomwe. Anali kalikiliki kudziyang'anira m'dontho, mutu uli gwede gwede.

M'dziko lonselo mmodzi yekha ndiye anakana, Birimankhwe. Ameneyu anali wochenjera, ndipo tsoka lake n'lakuti ankadziwa kuti ndi wochenjera. Nkhope yake yeniyeni panalibe amene anaiona, pakuti ankavala mtundu wa chilichonse chimene wakhalapo. Iye ndiye anali mwini mbumba. Mlongo wake Nanzikambe ndi amene anakwatiwa ndi Gulo, ndipo nkhoswe ya ukwatiwo anali Birimankhwe yemweyo. Gulo anali mkamwini wochokera kutali, wopanda mbale pafupi, choncho chilichonse chogwa panyumba imeneyo chinkagwera Birimankhwe.

"Alamu, tiyeni mukaonetse nkhope," Gulo anamuuza. "N'zaulere."

"Kangaude anayamba liti kupatsa?"

"Ndi chitukuko, alamu."

"Chitukuko chimenechi chikufuniranji nkhope yanga? Mawu amatuluka pakamwa, satuluka pamphumi."

Gulo anagwedeza mutu kuvomereza, n'kupita kukadziyang'anira m'dontho.

Sipanapite mwezi. Mbewa anauza mng'ono wake pa ulusi kuti mfumu siona. M'mawa mwake Kabawi anatera pakhomo penipeni pa una wake wobisika uja, n'kunena kuti pali mlandu. Mbewa sanabwerere. Chule anadandaulira mkazi wake kuti anthu akusowa. Kabawi anamupeza pansi pa mwala umene ngakhale mkazi wakeyo sankaudziwa. Anthu anayamba kunong'ona, koma ankanong'onera pa ulusi womwewo. Mfumu inayamba kubwerera thupi.

Birimankhwe anati, izi ndikazione ndekha. Masana ena anakwera pa denga la nkhokwe ya Kangaude, navala mtundu wa udzu, n'kusuzumira. M'katimo munali zikho zambirimbiri zodzaza madontho. M'dontho lililonse munali nkhope ya munthu, ndipo pansi pake panalendewera ulusi wa mfundo zambiri. Mfundo iliyonse inali mawu amene mwini nkhopeyo ananenapo. Kangaude anali pomwepo ndi mfumu, akumasula mfundo imodziimodzi.

"Uyu ndi Gulo, mfumu. Dzana ananena kuti mutu wake ngakhale ukuwala chonchi inu simungauone."

"Ndi wonenepa?"

"Akunenepa. Tiyembekeze pang'ono. Mkazi wake nayenso ali m'chikho chomwechi."

Birimankhwe anatsika padengapo atatsimikiza chinthu chimodzi, kuti nkhope za mbumba yake azichotsa m'nkhokwe imeneyo zivute zitani.

Pakhomo pa nkhokwe panalendewera dontho lalikulu. Ntchito yake inali kufuula dzina la aliyense wodutsa. Birimankhwe anadikira masana, nthawi imene Kangaude amawodzera akakhuta. Anavala mtundu wa tsamba laliwisi, n'kuyamba kuyenda, phazi kutsogolo, thupi kumbuyo, ngati tsamba logwedezeka ndi mphepo. Dontho linamuyang'ana, linasowa dzina, linakhala chete. Iye analowa, anapeza chikho, anaponya lilime kawiri. Dontho la Nanzikambe ndi dontho la Gulo analowa m'mimba mwake.

Anafika kunyumba akudzitama.

"Achemwali, ndakuombolani. Kangaude sakukudziwaninso."

"Zikomo, achimwene," anatero Nanzikambe, osamvetsa kwenikweni chimene waomboledwa.

Kutacha nyimbo ya Kangaude inamveka monga mwa masiku onse, yoitana nkhope, yolonjeza ubwenzi. Anthu anavomereza. Gulo anadzuka, anadziwongola, anapita kukaona ngati mutu udakali wowala. Nanzikambe anafuna kufunsa mnzake ngati ali ndi mchere, nayenso anayang'ana m'dontho. Dzuwa lisanakwere nkhope zonse ziwiri zinali zitabwerera m'chikho.

Birimankhwe anapsa mtima. Anadula ulusi wa pakhomo pawo, anaukwirira.

"Alamu, mwamva? Osayang'ananso m'dontho."

Gulo anagwedeza mutu.

"Osalankhulanso pa ulusi."

Gulo anagwedeza mutu.

"Mwamva chiyani?"

"Mwati ulusi, alamu."

Birimankhwe anatenga phulusa, anapaka mutu wonse wa Gulo mpaka unachita mbuu, anawasamutsa onse awiri kukawabisa kuseri kwa chulu. Ndiye anabwerera kunkhokwe.

Koma Kangaude sanali wogona. Ataona kuti madontho awiri anasowa dzulo, analiuza dontho la pakhomo kuti tsamba lililonse loyenda lokha alifuulire. Birimankhwe anamva zimenezo ali pa nthambi, naseka. Anadikira a Chiswe, antchito a nduna, amene ankabwera ndi mitolo ya nkhuni. Anagona pamtolo umodzi, navala mtundu wa khungwa louma. A Chiswe anamusenza akudandaula kuti nkhuni za masiku ano zikulemera, n'kumulowetsa okha. Lilime kawiri, madontho awiri m'mimba. Anatulukira pa mtolo wa zinyalala, atasenzedwanso.

Usaseke msanga, iwe womvera. Kutacha nyimbo ija inamvekanso, ndipo anansi anadzuka ndi nkhani pakamwa.

"Mwawaona a Gulo?" anatero wina pa ulusi.

"Asamuka. Ali kuseri kwa chulu."

"Ati adzola phulusa. Koma mphuno ija ndi yomweyo, ndi chipsera cha pakhosi chija."

"Nanga akazi awo, diso lamanzere laling'ono lija, angalibise?"

Anansiwo analibe chiwembu. Ankangocheza, ndipo ena ankachita kudandaula chifukwa chowakonda. Koma mawu aliwonse ankatsetsereka ndi ulusi kukagwera m'chikho, mphuno apa, chipsera apo, diso apo, mpaka nkhope ziwiri zija zinaumbika zokha, chulu chomwe chili pambali pake. Birimankhwe atasuzumira padenga n'kuziona, anafuna kulira. Anazindikira kuti nkhope ya munthu siili ndi mwini wake yekha, ili ndi aliyense amene amamudziwa.

Ndiye anamva Kangaude akuuza mfumu kuti Gulo wakwana, amutenge mkucha.

Anamvanso lamulo latsopano. Kuyambira tsiku limenelo khomo la nkhokwe silidzatsekukira tsamba, nkhuni kapena chinthu chilichonse chopanda dzina. Lidzatsekukira nkhope yodziwika yokha.

Birimankhwe anabwerera kuchulu akuganiza. Kumeza madontho awiri sikuthandiza, anatero mumtima. Ndikaswe zikho zonse, aliyense aiwalike, anansi ndi nkhani zawo zomwe. Koma ndilowa bwanji? Anapeza Gulo atagona padzuwa, phulusa litayoyoka, mutu ukuwala ngati kale. Anaima n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana mphuno, anayang'ana chipsera cha pakhosi. Pang'onopang'ono mutu wa Birimankhwe unayamba kubiriwira.

Sanamudzutse. Akanamufunsa, Gulo akanagwedeza mutu monga mwa nthawi zonse, koma ngakhale zimenezo Birimankhwe anaziona ngati kutaya nthawi. Anati, zikho zikasweka nkhope ya Gulo itayika pamodzi ndi zina zonse, ndiye adzamuloza ndani? Nzeru imeneyi inamukomera kwambiri moti anayenda njira yonse akumwetulira ndi kamwa ya mlamu wake.

Atafika pakhomo anagwedeza mutu kawiri.

"Gulo!" dontho linafuula, khomo n'kutsekuka.

Kangaude anali mtulo, kapena ankaoneka ngati ali mtulo. Birimankhwe anagubuduza zikho, chimodzi, ziwiri, khumi, zonse. Madontho anayenderera pansi, nkhope za dziko lonse zinasakanikirana ndi fumbi. Anatuluka mtima uli mbee. Tsiku limenelo anadya bwino, anauza mlongo wake kuti mavuto atha, koma sananene kuti watha bwanji.

M'mawa nyimbo inamveka. Inali yomweyo, mawu ake omwewo, koma Kangaude anaiimba pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufulumira kwina kulikonse. Isanathe, asilikali a mfumu, a Linthumbu, anali atazungulira chulu. Anamutenga Gulo ali ndi tulo m'maso.

Mthenga anayenda m'mudzi monse kulengeza kuti mlandu uli pabwalo masana, ndipo mkamwini saweruzidwa popanda nkhoswe. Nkhoswe ikapanda kuimirira, ndiye kuti nyumbayo ilibe mwini, mkazi alowa mumlandu pamodzi ndi mwamuna wake.

Nanzikambe anapita pansi pa mtengo umene ankadziwa kuti mlongo wake amabisalamo. Sanamuone, analankhula ndi masamba.

"Achimwene, ukwati uwu munaumanga ndinu. Mukabwere."

Pabwalo panadzaza. Kabawi anakhala pampando, Kangaude pambali pake, Gulo pakati atamangidwa. Kuzungulira bwalo lonse kunali ulusi watsopano, madontho ali ngwee, ambiri kuposa tsiku lina lililonse. Kumbuyo kwa mfumu kunali zikho zodzaza, zofanana ndendende ndi zimene zinasweka dzulo. Kangaude sankasunga dontho limodzi la munthu, ankasunga awiri, lina kunyumba ya mfumu. Zimene Birimankhwe anaswa zinali theka chabe.

"Nkhoswe ya nyumba iyi ili kuti?" Kangaude anafunsa.

Zii.

"Ndifunsa kachiwiri."

Zii. Birimankhwe anali pa tsinde la mtengo, atavala khungwa. Akanatha kukhala pomwepo mpaka dzuwa kulowa, wina osamuona.

"Kachitatu. Ngati palibe, mubweretse mkaziyo."

A Linthumbu anayamba kulunjika kwa Nanzikambe. Khungwa linasuntha, linatsika mumtengo, linayenda mpaka pakati pa bwalo.

"Ndine pano."

"Tikumva mawu koma sitikuona munthu," anatero Kangaude. "Pabwalo la mfumu wolankhula amavula chipewa. Inu chipewa chanu ndi mitunduyo. Vulani."

Birimankhwe anayang'ana mlongo wake, navula. Anavula khungwa, anavula tsamba, anavula udzu. Pansi pa zonsezo panatsala kanyama kotuwa, kamakwinya, ka maso otupa, kosaoneka bwino n'komwe. Anthu anachita manyazi m'malo mwake, ena anayang'ana pansi. Madontho okha ndiwo sanaphethire.

"Wawa, mfumu," anayamba. "Mlamu wangayu sanalakwe. Dzulo masana anali mtulo kuseri kwa chulu. Amene analowa m'nkhokwe ndine. Tsamba lija ndine, nkhuni zija ndine, Gulo wa dzulo uja ndine."

"Dontho likuti Gulo," anatero Kangaude.

"Dontho linanamizidwa. Onani."

Mutu wake unabiriwira pamaso pa onse, mphuno, chipsera, zonse. Bwalo linati haa! Panaima a Gulo awiri, wina womangidwa, wina womasuka. Nanzikambe anagwira pakamwa. Apo m'pamene anadziwa chimene mlongo wake anachita.

Kabawi anatembenukira kwa nduna yake. "Ine sindikuona kanthu. Akuti chiyani?"

"Akusewera, mfumu. Tifunse mwini wake." Kangaude ananyamula dontho la pakhomo lija, nalifikitsa pamaso pa Gulo. "Nkhope iyi ndi yanu?"

Gulo anayang'ana. Unali mutu wake, wowala bwino ndithu. Anagwedeza.

"Alamu, musavomere!" Birimankhwe anakuwa.

"Tsiku loyamba lija ndinakutchulirani malamulo?"

Gulo anagwedeza.

"Munavomera kuti chimene nkhope yanu yachita, mwachita ndinu?"

Gulo anatsekula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anafuna kukana. Koma khosi linali litazolowera, mutu unatsika, unakwera, unatsikanso, misozi ili chuchuchu.

"Mwaona nokha," anatero Kangaude. "Mame sanama. Tikati ananama lero, mawa aliyense adzati nkhope yake inabwerekedwa, ndiye mfumu idzadya chiyani?"

"Nditengeni ine," anatero Birimankhwe. "Ndavomera mlandu pamaso pa anthu onsewa."

"Inu ndinu owonda," inatero mfumu, ndipo mawu ake onse pamlanduwo anali omwewo.

Kabawi anatambasula mapiko. Panalibe kuphonya, Kangaude anali atamulozera malo. Anthu anamva mphepo yokha, pakati pa bwalo n'kutsala chingwe.

Bwalo likubalalika, Kangaude anatsikira pafupi ndi Birimankhwe, nalankhula motsitsa ngati mnzake.

"Zikomo, ankhoswe. Ndinadziwa kuti ndinu kuyambira tsiku la tsamba lija. Dzulonso ndinakudziwani, Gulo sayenda chobwerera m'mbuyo. Koma munthu wopanda nkhope ndikanamusunga m'chikho chiti? Ndinati, uyu sangabwere chifukwa cha nyimbo, koma chifukwa cha mwambo abwera yekha." Analoza madontho ozungulira bwalo. M'dontho lililonse munali kanyama kotuwa kamakwinya. "Ndili ndi yeniyeniyo tsopano, ndi zobwereka zonse, ndi kayendedwe komwe. Pitani bwino. Mukanenepa tidzakuuzani."

Birimankhwe anapeza mlongo wake atakhala pakhomo, atagwira chingwe chija. Anaima patali.

"Achemwali, ndinkafuna kukupulumutsani."

Nanzikambe anakulunga chingwe chija m'manja mwake.

"Ndinkati zikho zikasweka..."

"Munawafunsa?"

"Anali mtulo."

"Munawafunsa, achimwene?"

"Akanavomera."

"Akanavomera, inde. Ankavomera zonse. Koma Kangaude ndi kuipa kwake konse anayamba waimba nyimbo, n'kuwafunsa. Inu munangotenga ali mtulo. Mlamu wanu."

Birimankhwe anafuna kusintha mtundu kuti asaoneke, koma thupi linakana. Anaima pomwepo ali wotuwa.

Kenako anati, "Abale awo a malemu ayenera kumva. Ndine nkhoswe, ndinyamuka pompano."

"Ndi kayendedwe kanuko mukafika mwezi wamawa."

Nanzikambe anaimirira, anapita pamene ulusi unakwiriridwa, anaufukula, anaulumikiza. Anapukuta misozi kuti dontho limuzindikire, anayang'anamo, n'kunena uthenga wa maliro a mwamuna wake. Mawuwo anayamba adutsa kwa Kangaude, monga mawu onse, kenako n'kupitirira kwa eni maliro.

Kutacha nyimbo inamveka, yoitana nkhope, yolonjeza kuti ulusi ndi bwenzi ndipo salipiritsa. Anthu onse anali pabwalo dzulo lake, onse anaona. Anavomereza chimodzimodzi, m'manja mokha ndimo sanaombe.

Mpaka lero Birimankhwe akaponda amayamba wabweza phazi, kuopa ulusi. Diso lina limayang'ana kutsogolo, lina kumbuyo. Amasinthabe mitundu, ngakhale akudziwa kuti amene akumubisalirayo ali nayo yonse, ndipo sadya zambiri. Adzukulu a Gulo mumawaona pa mitengo ndi pa zipupa, mitu ikugwedezeka, akuvomera zimene sanamve.

Yanga yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata zanu, ngati simunauze ulusi pamene munazikwirira.